Khola la nkhuku kuchigwa: la pulasitiki kapena la mitengo?

Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg ananditumizira chithunzi pa WhatsApp mwezi wathawu. Kanali kakhola ka nkhuku kobiriwira, kosalala ngati beseni longogula kumene, kokhala ndi chitseko chokoka komanso kabokosi ka mazira kumbali. M'munsi mwake analemba kuti, "Alamu, akatu anakapanga ndi pulasitiki wakale wosungunulanso, akuti chiswe sichiyandikira n'komwe. Ndikutumizireni?"

Mawu oti chiswe ndi amene anandikola, chifukwa kuno ku Ngabu ndamanga makola atatu pa zaka 7, ndipo awiri anathera m'mimba mwa chiswe. Koma sindinayankhe tsiku lomwelo. Linali dzuwa la paliwombo, ndipo nditasuzumira panja ndinaona nkhuku zanga zili pansi pa mtengo wa nimu, kukamwa yasa, mapiko zitatula, zikupuma wefuwefu. Ndiye ndinadzifunsa kuti kabokosi kameneka nditakakhazika pabwalo pano mu Okutobala, m'kati mwake mungakhale motani?

Makola amenewa sapangidwa ndi majumbo opyapyala aja amakodwa m'minga m'mbali mwa msewu wa M1. Amatolera zinthu zolimba zimene anthu ataya, monga zigubu, makireti ndi mapaipi, n'kuzisankha malinga ndi mtundu wake. Akazitsuka amazigaya kukhala tizidutswa tonga mphale, kenako amazisungunula n'kuzipanikiza kuti zituluke ngati matabwa. Mukatembenuza chigubu mupeza kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi nambala m'kati. Nambala 2 ndi HDPE, mtundu wa zigubu ndi madiramu abuluu aja, ndipo ndi umene umalowa kwambiri m'makolawa. Nambala 1 ndi wa mabotolo a zakumwa. HDPE samwa madzi, sawola, chiswe sichimudya, ndipo amasungunuka pa madigiri pafupifupi 130. Dzuwa lathu, ngakhale lipse mtima chotani, silingamusungunule. Limamuchita zina, tifikako.

Malonda a makolawa anakula kwambiri ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya, kumene munthu amaweta nkhuku zitatu kapena zinayi kuseri kwa nyumba n'kuzitcha maina ngati ana. Adani awo kumeneko ndi chinyezi chosatha chimene chimawoletsa matabwa, tizilombo tofiira tobisala m'ming'alu, ndi nkhandwe. Choncho khola lawo ndi lotsekeka bwino, la timazenera tating'ono, loti nkhuku zigone mofunda usiku wachisanu. Kuti muone kutalikirana kwa maiko awiriwa: mu Julayi 2022 ku Britain kunatentha kufika madigiri 40.3, ndipo kanali koyamba m'mbiri ya dzikolo kudutsa 40. Inali nkhani yaikulu pa wailesi zonse. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje, madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala timangowatchula popatsana moni pamjigo.

Chigwa chathu chili pansi kwenikweni. Malo otsikitsitsa m'Malawi muno, kumene Shire amatulukira kulowa ku Mozambique, ali mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre wadutsa mamita 1,000. Aliyense amene watsikapo Thabwa pa minibasi amadziwa pomwe mpweya umasinthira n'kuyamba kumata pakhungu. Tsono nkhuku ndi chiweto chotentha kale. Thupi lake limakhala pa madigiri pafupifupi 41, ndipo siituluka thukuta. Njira yake yodziziziritsira ndi kupuma mothamanga, kutambasula mapiko ndi kukumba kadzenje m'dothi lozizira. Kutentha kukangopitirira 30 imayamba kudya pang'ono, mazira amachepa, ndipo zikamba zake zimapyapyala, chifukwa kupuma kwa wefuwefu kuja kumasokoneza magazi n'kuchepetsa zomangira chikamba. Nkhuku za Mikolongwe, zakuda bii zija, zimene zinatenga dzina ku malo oswetsera ziweto a ku Chiradzulu, zimavutika msanga chifukwa n'zonenepa. Akameta athu a khosi lopanda nthenga amapirira bwino kuposa onse, ngakhale pamsika anthu amawanyoza maonekedwe.

Wina anena kuti nkhuku zathu zimayenda tsiku lonse, kukhola zimangobwera kudzagona. Zoona, koma usiku wa Novembala kuno suzizira msanga, ndipo nkhuku khumi zopanikizana m'kabokosi zimatenthetsana zokha. Komanso pali thadzi lofungatira, limene limakhala pamazira masiku 21, usana ndi usiku. Apa ndi pomwe ndinaphunzirira ndi manja anga. Chaka china ndinadula diramu labuluu pakati, n'kuligoneka m'mbali mwa khoma la kumadzulo, n'kuikamo udzu ndi mazira 12. Ndinkadziona ngati katswiri. Masana ena nditapisamo dzanja ndinamva ngati ndapisa mu uvuni wa mabanzi, thadzi litathawamo kale lili pansi pa nkhokwe. Anaswa awiri okha, ena onse anasukusa. Dzira limafuna madigiri 37 kapena 38. Likakhala maola angapo pamwamba pa 40, kamwanapiye kamafera momwemo. Agogo ena oyandikana nafe atamva anangoti, "Mwananga, nkhuku waiphika yamoyo."

Si kuti pulasitiki ali ndi moto wakewake. Chimene chimapha ndi kapangidwe kotsekeka ndi kupyapyala kwa khoma. Thabwa limatchinga kutentha kuposa pulasitiki wochindikala mofanana nalo, denga la udzu limaposa zonse, pomwe lata ndiye loipitsitsa, moti khola la matabwa lofoleredwa ndi lata lotsika nalonso ndi ng'anjo. Alipo makola apulasitiki a makoma awiri okhala ndi mpweya pakati, ndipo amenewo amayesetsako. Koma palibe limene lingapikisane ndi khola la m'mwamba la makolo athu, la nsungwi kapena timitengo toyalidwa motalikirana, limene mphepo imalowa pansi n'kutulukira m'mbali, zitosi n'kumagwera pansi zokha.

Palinso nkhani ya mtundu. Dzuwa limadya pulasitiki pang'onopang'ono. Onani beseni limene lakhala panja zaka ziwiri: limatuwa, limayamba kunyenyeka, tsiku lina mukalinyamula ndi madzi limangoti phwa. Opanga makola abwino amathiramo mankhwala otchinga kuwala kwa dzuwa, ndipo amphamvu kwambiri mwa mankhwalawo ndi mwaye wakuda. Ndiye pulasitiki wokhalitsa padzuwa amakhala wakuda, yemwenso amamwa kutentha kuposa onse. Woyera amazizirirako koma sachedwa kukalamba ngati sanamuteteze bwino. Matabwa apulasitiki amafutukukanso kukatentha, ndipo akakhala aatali opanda chowachirikiza pakati amapindika ngati uta.

Pa nkhani ya utitiri ndi pomwe pulasitiki ali ndi mawu enieni, koma tiyenera kusiyanitsa, chifukwa dzina limodzili timaitanira tizilombo tosiyana. Pali tija timamatirira palipombo ndi m'mbali mwa maso, tokhala ngati wina wawaza tsabola wakuda kumutu kwa nkhuku. Timeneto mazira ake amagwera pansi, ana ake amakulira m'fumbi ndi m'zinyalala za pansi pa khola. Kaya khoma ndi la pulasitiki, kaya la golide, sitisamala. Mankhwala ake ndi kusesa, kuwotcha zinyalalazo, kuthira phulusa, ndi kupaka Vaseline pomwe tamatirirapo. Pali nsabwe za nkhuku zimene zimabadwira ndi kufera m'nthenga, ndipo zimachepa nkhuku ikamasamba m'fumbi losakaniza phulusa. Izinso khola silizikhudza kwenikweni.

Gulu lachitatu ndilo la m'ming'alu. Masana simutiona pankhuku. Timabisala m'malumikiziro a matabwa, pansi pa makungwa, m'mabowo a misomali ndi m'udzu wa denga, ndipo usiku timatuluka kudzayamwa magazi. Tofiira tija, nyengo ikakhala yofunda, timachoka pa dzira kufika poikira mazira ake m'sabata imodzi yokha, ndipo tingathe kukhala miyezi yambiri osadya. Palinso tina tokhala ngati nkhufi, tokonda madera otentha ndi ouma ngati athu, timene timapirira njala kupitirira chaka. Mukaona nkhuku zikukana kulowa m'khola madzulo, zikusankha kugona mumtengo, lipombo litatuwa, kapena thadzi lasiya mazira pakatikati, tengani tochi usiku mukapukute pansi pa mtengo wogonapo ndi kansalu koyera. Mukaona timizere tamagazi, alendo afika.

Khola lapulasitiki limachepetsa pobisala. Lilibe makungwa, silimang'ambika ngati bulugamu akamauma, ndipo ambiri amatheka kuwamasula zidutswazidutswa, kutsuka ndi sopo, n'kuyanika. Apa dzuwa lija limasanduka bwenzi, chifukwa tizilombo tofiirati sitipirira kutentha kopitirira madigiri 45, ndipo chidutswa cha pulasitiki chogonekedwa pamchenga masana a Okutobala chimadutsa pamenepo mosavuta. Koma musanamizidwe kuti m'khola lotere simulowa utitiri. Timapeza malo m'malumikiziro ndi m'mabawuti, kungoti kutithamangitsa n'kosavuta. Amene satsuka, la pulasitiki lidzamunyansira chimodzimodzi.

Makolo athu nawo anali ndi yankho lawo, ndipo ine ndimaliona lanzeru kuposa mmene timalilemekezera. Khola la nsungwi, bango ndi udzu silidya ndalama zambiri, choncho likagwidwa utitiri wosamva mankhwala, umaligwetsa, kulitentha, n'kumanga lina pamalo ena. Udzu wa m'chisa umatenthedwa thadzi likangoswa. Ena amafukiza utsi pansi pa khola. Vuto limabwera ndi khola la matabwa ocheka, lokhomedwa bwino ndi kalipentala, lokhala ndi mahinjesi ndi loko. Limenelo ndi lodula moti sungalitenthe, komanso lili ndi ming'alu yokwanira mudzi wonse wa tizilombo. Mwa atatuwa, ndilo limafuna chisamaliro chachikulu: kupaka laimu m'kati, kutseka ming'alu, kusenda makungwa onse, ndi kupanga mitengo yogonapo yochotseka.

Mawu oti "la mitengo" nawonso amabisa zambiri. Paini wochokera kumapiri ndi wofewa, chiswe chimamudya ngati chinangwa chophika. Bulugamu amalimbako koma akakhudza dothi masiku ake ndi owerengeka. Tsanya ndiye mfumu: wolemera, wolimba moti msomali umapindika, ndipo nsanamira yake imatha zaka zambirimbiri m'nthaka. Koma tsanya wambiri amene watsala ali m'malo otetezedwa ngati Lengwe ndi Mwabvi, wina tinamaliza ndi makala, ndipo lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020. Kukamangidwa chifukwa cha nsanamira zinayi za khola la nkhuku ndi tsoka lodziitanira. Nimu ali pafupifupi pakhomo lililonse kuno, amaphukanso ukamudula, ndipo chiswe sichimuthamangira ngati paini. Nsungwi zimafumbwa, makamaka zodulidwa zisanakhwime. Mapolo obiriwira onyikidwa m'mankhwala kufakitale amakhalitsa, koma mankhwala ake ena ndi poizoni: zotsala zake musasonkhezere moto, ndipo phulusa lake lisapite kosambira nkhuku. Oyilo wakutha wa galimoto amene ambiri timapaka amathandiza kumapazi a nsanamira, koma asafike pomwe nkhuku zimagona kapena kujompha.

Mukayang'anitsitsa, chiswe chimalowera malo amodzi: pomwe mtengo wakumana ndi dothi. Khola langa lachitatu lapulumuka mpaka lero chifukwa miyendo yake inaima pa timizati ta simenti, ndipo pamwamba pa mwendo uliwonse ndinavundikirapo chitini. Chiswe chikafuna kukwera chimayenera kumanga kanjira kake ka dothi poonekera, ine n'kukapala ndi chikwanje. Chitinicho chimagwetsanso makoswe. Paipi yapulasitiki yodzaza konkire imagwira ntchito yomweyo, ndipo apa ndi pomwe ndinayamba kuona kuti funso la mlamu wanga silifunika kuyankhidwa ndi "inde" kapena "ayi".

Za madzi sitingazilumphe. Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, namondwe Freddy mu Malichi 2023: aliyense kuno ali ndi chake chimene chinapita. Madzi saiwala khwawa, ndipo a ku Makhanga amene Ruo amawazungulira sasowa wowakumbutsa. Khola la dothi limasungunuka tsiku loyamba. La m'mwamba, lokwera mita imodzi kapena kuposerapo, limapulumutsa nkhuku pa madzi osefukira wamba. La pulasitiki siliwonongeka ndi madzi, matope ake mumangotsuka, koma HDPE ndi wopepuka kuposa madzi, ndiye ngati silinamangiriridwe limayandama ulendo wa ku Mozambique. Mphepo ya mvula zoyamba, ija imasasula madenga a sukulu, nayonso ingaligubuduze. Kupepuka komweko kuli ndi ubwino wake kwa munthu wa lendi ku Nchalo kapena ku Bangula, amene chaka chino ali nyumba iyi chaka chamawa ina: amalimasula n'kulikweza pa ngolo. Koma chimene mwini anyamula mosavuta, wakuba nayenso sachivutikira. Khola la mitengo lozikika pansi, lokhala pafupi ndi zenera la kuchipinda, limachedwetsa wakuba ndipo limalira akamalithyola.

Pa zilombo zina, kusiyana si kwakukulu. Njoka, ng'azi ndi vumbwe zimafuna mpata, osati mtundu wa khoma. Mipata ya nsungwi ikhale yoti chala chokha n'chimene chingalowe, kapena muikemo waya wa maso ang'onoang'ono. Linthumbu likabwera usiku limalowa paliponse, phulusa lozungulira miyendo ndi limene limalibweza. Kabawi amagwira anapiye pabwalo masana, khola lili pomwepo likuonerera.

Tsono ndalama. Chinthu chochokera kunja chimawerengedwa mu ndalama zakunja, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Onjezanipo thiransipoti ndi msonkho wa pachipata. Mbali inayi, thadzi lachikuda limaikira maulendo atatu kapena anayi pa chaka, mazira 10 mpaka 15 ulendo uliwonse, ambiri mwa iwo n'kufungatira. Musanagule, werengani kuti mugulitse atambala angati kuti ndalamayo ibwerere. Makola ambiri apulasitikiwa ndi a nkhuku zosapitirira 6 kapena 10, pomwe pakhomo pathu chiwerengero chimakwera ndi kutsika ngati madzi a Shire: lero zisanu, pakatha miyezi itatu 30. Khola la mitengo umangolumikiza chipinda china. Thabwa likathyoka kalipentala wa pa Dyeratu kapena mnyamata wapakhomo pomwe amakhoma lina. Chitseko chapulasitiki chikathyoka, mwina akuthandizeni ndi aja owotcherera mabeseni ndi chitsulo chamoto pamsika, koma chigamba chawo sichichedwa kumatuka.

Amalonda amakonda kunena kuti kugula khola lotere ndi kusamala chilengedwe, popeza simunadule mtengo ndipo mwachotsa zinyalala. Pali choona pamenepo. Malawi analetsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma majumbo akadali mbwee m'misika, mbuzi zikumeza. Kungoti khola lopangidwa ndi zinyalala za ku Ulaya kapena ku South Africa silichotsa jumbo ndi limodzi lomwe pa Bangula. Ndipo amene akuganiza zosungunula yekha mapulasitiki m'chitini kuseri kwa nyumba aleke, utsi wake ndi woipa m'chifuwa cha munthu ndi cha nkhuku chomwe.

Pulasitiki wogwiritsidwanso ntchito amene ali ndi phindu kwa ife ali kale m'makomo mwathu. Chigubu cha malita 20 cha mafuta ophikira, mukachidula mbali imodzi n'kuchiboola timabowo tambiri m'mbali ndi pamwamba, chimakhala chisa chabwino choikiramo mazira, chotsukika, bola chikhale pamthunzi wa denga la udzu. Chidutswa cha diramu choyalidwa pansi pa khola chimawakha zitosi zopita kudimba. Beseni long'ambika limasunga phulusa losambamo. Chenjezo limodzi lokha, ndipo kuno kwa alimi a thonje ndi lalikulu: chigubu kapena diramu limene munali mankhwala ophera tizilombo lisayandikire nkhuku. Pulasitiki amamwa mankhwalawo, kutsuka sikuwachotsa onse.

Ndisaiwale chitopa, chifukwa tikhoza kukangana za makoma mpaka dzuwa kulowa, icho n'kubwera m'chilimwe n'kusesa khola lonse m'masiku ochepa, la pulasitiki ndi la tsanya mofanana. Katemera wa I-2 wodonthezera m'diso, amene amapirirako kutentha kuposa akatemera ena, amaperekedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo alangizi a ziweto amadziwa kopezeka. Chimene pulasitiki angathandize n'chakuti matenda akadutsa, kutsuka khola lake n'kosavuta kuposa la matabwa.

Mlamu wanga ndinamuyankha patatha masiku atatu. Ndinati, "Alamu, zikomo kwambiri, koma ndalama ya kakholako mugawe pawiri. Theka mugule waya wa maso ang'onoang'ono ndi mahinjesi olimba, theka linalo munditumizire ndigule thumba la simenti ndi zigubu." Khola limene ndikumanga pano ndi la mamita awiri m'litali, mita imodzi ndi theka m'lifupi, la nkhuku 12. Miyendo ndi mapaipi odzaza konkire, mafelemu ndi a nimu wosenda, pansi ndi nsungwi zotalikirana, mbali ziwiri ndi waya, denga ndi udzu wochindikala wotulukira kunja kuti mthunzi ukwane. Mitengo yogonapo ndi yochotseka, nkhuku iliyonse danga la masentimita 25. Zisa ndi zigubu zinayi zachikasu, zoyang'ana kum'mwera.

Iye anangotumiza kankhope koseka, n'kulemba kuti, "Ndiye kuti a ku Ngabu mwakana chitukuko?" Ndinamujambulira thadzi langa la kameta lili phee m'chigubu, pansi pake pali mazira 11, lero ndi tsiku la 16.